Magudumu Akumbuyo a Galimoto Zakale Zaliwiro ndi Msewu wa Phiri la Zomba

Omvera amene anafikako ku Zomba akudziwa kuti mzindawu uli patsinde pa phiri, ndipo kuti munthu akaima pa mlatho wa Likangala, cha ku Mpondabwino, nakweza maso ake, amaona phirilo litaima ngati khoma kumbuyo kwa nyumba zakale za boma. Mzindawo uli pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe ipitirira mamita 2,000. Msewu wokwera ku Ku Chawe ndi waufupi, koma ngokhotakhota kwambiri, thanthwe mbali ina, phompho mbali inayo. Kwa zaka zambiri panali misewu iwiri yopapatiza, wina wokwerera, wina wotsikira, kuti galimoto zingakumane pokhota. Pa msewu wotere dalaivala aliyense amaphunzira msanga kuti galimoto ili ndi magudumu anayi, ndipo kuti awiri akumbuyo, amene iye sawagwira ndi chiwongolero, ndiwo angathe kumupereka kuphompho.

Zomba linali likulu la dziko lino kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975, pamene boma linasamukira ku Lilongwe. M'zaka zomaliza za utsamunda ndi zoyamba za ufulu, galimoto zambiri za mumzindamo zinali zochokera ku Britain, ndipo pakati pa ma Land Rover, ma Morris ndi ma Austin pankaoneka mwa apo ndi apo kagalimoto kotsika, ka mipando iwiri, ka denga lansalu. Galimoto zoterezi ankazipanga kuti zikondweretse woyendetsa, osati kunyamula banja kapena matumba a chimanga. Sizinali zambiri kuno. Komabe nkhani yake ndi yothandiza kwa aliyense amene ali ndi pikiapu kapena amakwera matola, chifukwa mavuto amene akatswiri analimbana nawo pansi pa tigalimoto timeneti ndi omwewo ali pansi pa galimoto iliyonse.

Ntchito ya masipuling'i imamveka bwino poyang'ana mayi wosenza ndowa ya madzi m'njira ya miyala. Mapazi ake amakwera ndi kutsika, maondo napindika, koma ndowa pamutu imayenda mwabata osatayikira. Thupi la galimoto ndiye ndowayo; magudumu ndiwo mapazi; masipuling'i ndi mashoko ndiwo maondo. Lamulo lake nlakuti mapazi akhale opepuka. Mayi uja atavala nsapato zachitsulo, phazi lililonse likamenya mwala lingadumphe nkuchedwa kubwerera pansi, ndipo nthawi imene gudumu lili m'malere ndiyo nthawi imene silingakoke, silingaimitse galimoto, ndiponso silingaigwire pokhota. Chifukwa cha ichi akatswiri amawerengera padera kulemera kwa zitsulo zonse zimene zili kunsi kwa masipuling'i, ndipo mbiri yonse ya magudumu akumbuyo ndi mbiri ya kuyesa kuchepetsa kulemera kumeneku popanda kubweretsa vuto lina loposa loyambalo.

Njira yakale koposa ndi ya ekiselo yamphumphu. Chitsulo chimodzi chobowoka mkati chimachokera ku gudumu lakumanja kukafika ku lakumanzere, difu ili pakati, ndipo zonsezi zimamangidwa ndi mabawuti okhota pa masipuling'i osanjikiza, aja ooneka ngati uta. Masipuling'i a mtundu umenewu ndi akale kuposa galimoto: Obadiah Elliott wa ku London anawalembetsa mu 1804 kuti azigwira ntchito pa magareta okokedwa ndi akavalo. Jaguar XK120 ya mu 1948, Triumph TR2 ya mu 1953, MGA ya mu 1955, Austin-Healey 3000 ya mu 1959 ndi MGB ya mu 1962, zonsezi zinali ndi ekiselo yamphumphu pa masipuling'i osanjikiza, monga momwe ilili pikiapu yonyamula mpunga kuchokera ku madambo a Chilwa.

Ubwino wake suvuta kuuona. Magudumu onse awiri amakhala chilili nthawi zonse, choncho tayala limagunda pansi ndi nkhope yake yonse. Zitsulo zake nzochepa, nzotsika mtengo, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo angathe kuzimasula ndi masipanala wamba. Koma pali zovuta ziwiri. Choyamba ndi chija amachidziwa anyamata otsika ndi mitengo ya paini paphiri: anthu awiri akasenza chipika chimodzi, wina akaponda m'dzenje mnzake amamva paphewa. Gudumu limodzi likagunda mwala, linzake limapendekeka, ndipo galimoto ikakhala pokhota kumbuyo konse kumadumphira kunja. Chachiwiri nchakuti masipuling'i osanjikiza amapatsidwa ntchito zitatu nthawi imodzi. Amanyamula katundu, amagwira ekiselo kuti isasunthire kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali, ndiponso amalimbana ndi mphamvu ya injini imene imafuna kupotoza ekiseloyo. Dalaivala akaponda mafuta mwamphamvu pachitunda, sipuling'i imapindika, kenaka nkubwerera mwadzidzidzi, ndipo magudumu amayamba kudumphadumpha ngati mbuzi yomangidwa pachingwe. Kuti athetse zimenezi, opanga ena anawonjezera timikono tachitsulo togwira ekiselo, ndi ndodo yopingasa yotchedwa Panhard, dzina la kampani ya ku France imene inayiyambitsa.

Austin-Healey 3000 inali ndi vuto lake lapadera. Ekiselo inkadutsa pamwamba pa chasisi, motero inalibe malo okwanira otsikira, ndipo paipi yotulutsa utsi inali pafupi kwambiri ndi nthaka. Pa msewu wafumbi wopita ku Kachulu galimoto yotere ikadasiya zitsulo zake m'njira. Opanga ake anakonzanso chasisicho mu 1964, galimotoyo itatsala ndi zaka zitatu zokha kuti aleke kuipanga. Komabe ndi galimoto yomweyi imene mayi Pat Moss anapambanira mpikisano wovuta wa Liège–Rome–Liège mu 1960, umboni wakuti manja odziwa amatha kukwirira zolakwa za zitsulo.

Akatswiri a ku Germany anatsata njira ina. Iwo anaganiza zomangirira difu ku chasisi, kuti kulemera kwake kuchoke pa magudumu, ndipo gudumu lililonse likhale ndi shafiti yakeyake yokhala ndi mfundo imodzi yokha pafupi ndi difuyo. Njira imeneyi, imene Angerezi amaitcha swing axle, inalembetsedwa ndi Edmund Rumpler mu 1903. Inatchuka kudzera mu Volkswagen Beetle, galimoto ija yooneka ngati kamba imene omvera achikulire akuikumbukira bwino, ndipo kuchokera kumeneko inalowa mu Porsche 356 ya mu 1948. Mercedes-Benz 300SL ya mu 1954, ija zitseko zake zimatsekukira m'mwamba ngati mapiko, inalinso ndi njira yomweyi. Ku Britain, kampani ya Triumph inaika mashafiti otere pa Herald mu 1959 ndi pa Spitfire mu 1962, ndi sipuling'i imodzi yosanjikiza yogona chopingasa pamwamba pa difu.

Pa msewu wowongoka ndi wa maenje njira imeneyi imagwira ntchito bwino ndithu. Gudumu lililonse limakwera ndi kutsika palokha, osasokoneza linzake. Zoopsa zimabisala pokhota, ndipo apa mpofunika kumvetsera bwino, chifukwa anthu ambiri anavulala osadziwa chimene chawachitikira.

Popeza gudumu nlomangika chilili kumapeto kwa shafiti, shafitiyo ikatsika gudumu limapendekeka, kunsi kwake kulowa mkati. Munthu atatambasula mkono wake atagwira mbale m'manja, natsitsa mkonowo osapinda chigongono kapena dzanja, mbaleyo ipendekeka. Ndi momwemonso gudumu. Tsono galimoto ikakhota mwaliwiro, nthaka imakankha kunsi kwa tayala lakunja kulowa mkati, ndipo mphamvu imeneyo imakwera ndi shafiti nkukanyamula difu pamodzi ndi thupi lonse la galimoto. Zili ngati munthu woima atatangadza miyendo: akaibweretsa pamodzi amatalika. Kumbuyo kukakwera, gudumu lakunja limapindikira kunsi kwa galimoto, tayala limatsala likugunda pansi ndi m'mphepete mokha, ndipo kugwira kwake kumatha nthawi imodzi. Palibe chenjezo lokwanira. Galimoto imene inali kuyenda bwinobwino imatembenuka, kumbuyo nkukhala kutsogolo, ndipo tayala likakodwa pa mwala kapena m'ngalande imagubuduka.

Choipitsitsa nchakuti chimene munthu wamantha amachita mwachibadwa ndicho chimakulitsa ngoziyo. Akaona kuti walowa pokhota ndi liwiro lalikulu, amachotsa phazi pa mafuta kapena kuponda buleki. Kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, kumbuyo kumapepuka nkukwera, ndipo magudumu aja amapindika koposa. Potsetsereka, monga potsika ku Ku Chawe, kulemera kumakhala kutatsamira kale kutsogolo, choncho pamatsala pang'ono pokha. Pa Beetle ndi Porsche injini ili kumbuyo kwa magudumu akumbuyo, ndipo ikayamba kupita kunja imakoka galimoto ngati mwala womangidwa kunsonga ya chingwe. Madalaivala akale anali ndi lamulo limodzi pa galimoto zimenezi: liwiro lichepetsedwe msewu udakali wowongoka, giya yaing'ono ilowe pasadakhale, ndipo mkati mwa kona phazi likhale pa mafuta pang'ono, osasuntha.

Nkhani imeneyi inafika mpaka m'makhoti ndi m'nyumba ya malamulo ku America. Chevrolet Corvair, imene inayamba kugulitsidwa ngati galimoto ya chaka cha 1960, inali ndi injini kumbuyo ndi swing axle. Opanga ake ankafuna kuti matayala akutsogolo azipopedwa mapaundi 15 ndi akumbuyo 26, koma eni ake ambiri ndi anyamata a pa malo omwetsera mafuta ankapopa onse mofanana, monga anazolowerera pa galimoto zina. Mu 1965 loya wina dzina lake Ralph Nader analemba buku lotchedwa Unsafe at Any Speed, limene mutu wake woyamba unadzudzula galimoto imeneyi. Chaka chomwecho Corvair inali itatuluka kale ndi magudumu akumbuyo okonzedwa mwatsopano, ndipo mu 1972 kafukufuku wa boma la America anapeza kuti Corvair yakale sinali yoipa kuposa galimoto zina za msinkhu wake za nthawi imeneyo. Koma mbiri yake inali itaipa kale. Phunziro la mpweya wa m'matayala ndi lenileni, ndipo likhudza aliyense amene adakasungabe Beetle: akutsogolo amafuna mpweya wochepa kuposa akumbuyo, ndipo kuwapopa mofanana ndi kuitana ngozi.

Makampani anayesa kuchiza matendawa, aliyense mwa nzeru zake. A Mercedes-Benz, pa 300SL yopanda denga ya mu 1957, anatsitsa mfundo imene mashafiti amazungulirapo kuti ikhale kunsi kwa difu, motero mphamvu yonyamula galimoto inachepa kwambiri. A Triumph anachedwa. Pa GT6 yachiwiri, mu 1968, anaika mkono wakunsi ndi mfundo zamphira zotchedwa Rotoflex kuti gudumu lizikhala chilili. Pa Spitfire anadikira mpaka 1970, pamene anapeza mankhwala otsika mtengo modabwitsa: m'malo momanga sipuling'i yonse molimba pa difu, anamanga chitsulo chimodzi chokha, zotsalazo nazilola kuti zizipendama pakati ngati sikelo. Kumbuyo kunaleka kulimbana ndi kupendekeka kwa galimoto, ntchitoyo inapita kwa ndodo yokulirapo kutsogolo, ndipo khalidwe la galimotoyo linasintha kotheratu. Zaka 8 zinali zitadutsa chiyambire kugulitsa Spitfire, ndipo nkovuta kuwakhululukira kuchedwa kumeneko, poona kuchepa kwa zitsulo zimene zinafunika.

Panalinso njira yapakati, ya de Dion, yochokera ku France m'zaka za m'ma 1890. Difu imamangidwa ku chasisi, koma magudumu amalumikizidwa ndi paipi yopepuka yowasunga chilili. Inali yabwino koma yodula, ndipo inkapezeka pa galimoto monga Rover 2000 ya mu 1963 ndi Aston Martin DBS ya mu 1967.

Yankho lokhalitsa linali lakuti shafiti iliyonse ikhale ndi mfundo ziwiri, ina ku difu ina ku gudumu, ndipo gudumu ligwiridwe ndi mikono imene imalisunga pafupifupi chilili pamene likukwera ndi kutsika. Chitsanzo chodziwika koposa ndi Jaguar E-Type, imene inaonetsedwa ku Geneva mu 1961. Katswiri wake, Bob Knight, anachititsa shafiti yomweyo kugwira ntchito ziwiri: kuzunguza gudumu ndiponso kukhala mkono wapamwamba. Kunsi anaika mkono wina wolimba, ndipo mbali iliyonse inali ndi masipuling'i awiri opota, iliyonse ndi shoko yake mkati. Mabuleki anawachotsa ku magudumu nawaika pambali pa difu, kuti mapazi aja apepuke. Zonsezi anazimanga m'khola lachitsulo lolumikizidwa ku thupi la galimoto ndi mphira, kuti phokoso ndi kunjenjemera zisafike kwa okwera. Kapangidwe kameneka kanagwira ntchito pa galimoto za Jaguar kwa zaka zoposa 30. Amakaniko okha ndiwo sanakondwe nako, pakuti kukonza mabuleki obisika mkati muja kumafuna nthawi zina kutsitsa khola lonse, ndipo mafuta a difu akadontha amagwera pa mabuleki omwewo. Colin Chapman wa kampani ya Lotus anapeza njira yopepukirapo pa Elite ya mu 1957, yogwiritsa ntchito shoko yaitali ngati mzati wogwira gudumu. Triumph nayo inapatsa TR4A magudumu oyenda paokha mu 1965, ngakhale kuti kumbuyo kwake kunkakhala pansi kwambiri dalaivala akaponda mafuta.

Wina angaganize kuti ekiselo yamphumphu inagonja pamenepo. Misewu ya mu Africa inanena zina. Mpikisano wa Safari, umene unayamba mu 1953 m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, unkayesa galimoto pa matope, miyala ndi misewu yofanana ndi malata, ndipo mndandanda wa opambana ake ndi wosakanizika. Volkswagen, ndi swing axle yake, inapambana mu 1962. Peugeot 404, ya ekiselo yamphumphu pa masipuling'i opota, inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, awiri mwa maulendo amenewa woyendetsa ali Bert Shankland wa ku Tanzania. Mu 1965 Joginder Singh wa ku Kenya ndi m'bale wake Jaswant anapambana ndi Volvo PV544 yogula kwa ena, nayonso ya ekiselo yamphumphu. Datsun 240Z, galimoto yaliwiro ya ku Japan yokhala ndi magudumu oyenda paokha mwa njira ya Chapman, inapambana mu 1971 ndi 1973, koma pakati pa zaka ziwirizo, mu 1972, Hannu Mikkola anapambana ndi Ford Escort ya ekiselo yamphumphu. Chimene chinkapambana kumeneko sichinali dzina la kapangidwe ayi. Kunali kulimba kwa zitsulo, kutalika kwa ulendo umene gudumu lingayende lisanagunde malire ake, mpata pakati pa galimoto ndi nthaka, ndi mashoko otha kupirira kutentha kwa maola ambiri.

Za mpata wa pansiwu pali kankhani koseketsa. Mu 1974 MGB inakwezedwa pang'ono ndi kupatsidwa mabampala akuda amphira, kuti igwirizane ndi malamulo a ku America. Olemba za galimoto ku Ulaya anadandaula kuti tsopano ikupendekeka kwambiri pokhota, ndipo ankanena zoona. Koma mwini galimoto wokhala kumene msewu wa phula umathera pamsewu waukulu akadaona kukwezako ngati mphatso. MGB inapangidwa ku Abingdon mpaka mu 1980, zoposa theka la miliyoni, ndipo inakhalabe ndi ekiselo yamphumphu mpaka tsiku lomaliza. Chaka chomwecho Spitfire nayo inaleka kupangidwa. Kampani ya Morgan inapitiriza kupanga galimoto zaliwiro za masipuling'i osanjikiza mpaka mu 2020.

Kwa omvera amene galimoto yawo ndi pikiapu kapena kalole, zimene zanenedwazi zili ndi tanthauzo la tsiku ndi tsiku. Pakati pa sipuling'i yosanjikiza pali bawuti imodzi yopyoza zitsulo zonse, imene mutu wake umalowa m'kabowo ka pa ekiselo. Mabawuti okhota aja akamasuka, bawuti yapakatiyo imaduka, ekiselo imasunthira kumbuyo mbali imodzi, ndipo galimoto imayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu. Munthu woitsatira pambuyo amaona zimenezi msanga kuposa woyendetsa. Mabushi amphira a kumapeto kwa sipuling'i akatha, ekiselo imayamba kudziwongolera yokha, ndipo dalaivala amamva kumbuyo kukusochera akaponda mafuta kapena kuwasiya. Chitsulo chapamwamba, chija chili ndi maso kumapeto, chikachita mng'alu sichiyenera kuwotcherera, chifukwa moto umachotsa kulimba kwa chitsulo cha sipuling'i ndipo chidzathyokanso pambali pa chowotchereracho, mwina galimoto itadzaza anthu.

Chizolowezi chowonjezera zitsulo pa masipuling'i kuti pikiapu izinyamula katundu wambiri nchofala m'magalaja a m'maboma onse. Chimathandizadi kuti galimoto isakhale pansi, koma ekiselo, mabering'i, matayala ndi mabuleki zimakhala zomwe zija, ndipo sizinapangidwe kuti zinyamule zochuluka chotero. Ndiponso galimoto yotereyi ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kumauma ngati ngolo, magudumu amangodumpha pamwamba pa miyala, ndipo pokhota ponyowa imatembenuka mofanana ndi Spitfire yoyamba ija, ngakhale kuti chifukwa chake nchosiyana. Pa phiri la Zomba, kumene nkhungu ndi mvula yamawawa ya chiperoni zimanyowetsa phula ngakhale m'miyezi yozizira, ndipo masamba a paini amagwera pamsewu, pikiapu yopanda katundu ndiyo yofunika kutsika nayo pang'onopang'ono koposa.

Mashoko ndiwo amaiwalika kawirikawiri, popeza galimoto imayendabe ngakhale atafa. Galimoto zambiri zakale za ku Britain, monga MGB, zinali ndi mashoko a kamkono, kabokosi ka mafuta komangidwa ku chasisi, ndipo mafuta ake ankafunika kuwonjezera nthawi ndi nthawi. Amakono ndi aja ooneka ngati pampu ya njinga, ndipo akatha amangosinthidwa, awiri nthawi imodzi. Kuyesa kwake nkosavuta. Munthu akanikize ngodya yakumbuyo ya galimoto ndi mphamvu zake zonse, kenaka aisiye. Ikakwera nkuima, shoko ili moyo. Ikapitiriza kuvina kawiri kapena katatu, kapena pakaoneka mafuta akuyenderera pa shokoyo, gudumu limenelo silikugwira msewu mokwanira, ndipo matayala ake adzayamba kudyeka m'zigambazigamba kuzungulira konse.